Kabuku ka ntchito m'magemu kazisunga mawu amene tauzidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera pa tsamba lanu la makalata za nkhani imene ena angaione ngati yachibwana, koma imene yandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ndine Mmalawi wokhala ku Johannesburg. Ndimagwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Fordsburg kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana, ndipo nthawi yokhayo imene ndinganene kuti ndi yanga ndi Lamlungu madzulo tikabwerako kutchalitchi. Nthawi imeneyo ine ndi mwana wa mlongo wanga, amene ndimakhala naye ku Rosettenville, timasinthana padi, kachipangizo kogwira m'manja posewera magemu, pa PlayStation imene ndinagula kwa munthu wina atayamba waigwiritsapo ntchito. Iye amakonda mpira, koma ine ndimakonda magemu aja a nkhani zazitali, momwe wosewera amasanduka munthu wa m'nkhanimo, nayendayenda m'dziko lalikulu lopeka, nacheza ndi anthu a m'midzi ndi m'mizinda, natumidwa ntchito zosiyanasiyana. Ntchito zimenezi osewera amazitcha ma quest, ndipo gemu iliyonse ya mtundu umenewu imakhala ndi kabuku kamene kamayenera kukumbutsa wosewera zimene watumidwa ndi pamene wafika. Dandaulo langa lili pa kabuku kameneka.

Gemu imene ndikusewera panopa sinditchula dzina lake, chifukwa sindinalembe kalatayi kuti ndinyoze amene anaipanga. Mu Novembala, ndikuyenda m'mudzi wina wa asodzi m'gemumo, ndinapeza mayi wokalamba atakhala pakhonde la kanyumba kake akusoka ukonde. Anandiuza kuti mwana wake wamwamuna anapita kukagwira ntchito kumigodi ya kumapiri zaka zitatu zapitazo, kuti poyamba ankatumiza ndalama ndi moni, koma kenako anangoti zii. Anandipempha kuti ndikamufunefune, ndipo ndikakapeza kuti anamwalira ndidzamuuze zoona zake, kuti aleke kuyang'ana kunjira. Mmalawi aliyense amene ali kuno ku Joni akudziwa chifukwa chake nkhani imeneyi inandigwira mtima. Agogo athu anabwera kuno pa Wenela ndi pa Theba, ena anatchona osabwereranso, ndipo m'midzi yathu muli amayi ambiri amene anakalamba akuyang'ana kunjira. Ndinasiya nkhondo zonse za mafumu a m'gemumo n'kuyamba kutsata mapazi a mnyamata uja.

Kumigodi anandilozera kwa wosula zitsulo wa m'tauni ina ya m'munsi mwa phiri. Munthu ameneyu analankhula nthawi yaitali. Anati mnyamatayo anakangana ndi kapitawo, anathawa usiku, ndipo anafotokoza njira imene analowera, natchula mlatho wina wothyoka, mtsinje umene ndiyenera kuutsata, ndi dzina la munthu amene ndikamufunse ndikafika kutsidya. Ndinamvetsera bwinobwino, ndinaseva gemu, n'kuzimitsa chifukwa kunali kutada ndipo m'mawa mwake ndinkadzukira kuntchito. Kenako Disembala anafika, ntchito inachuluka m'sitolo monga zimakhalira anthu akamathamangira kumaliza zomanga asanatseke, ndipo titatsekera ndinakwera basi pa Park Station kupita kumudzi kukadya Khirisimasi. Ndinagwiranso padi chapakati pa Januwale, patadutsa masabata asanu ndi awiri.

Nditatsegula kabuku kaja ndinapezamo mzere umodzi wokha, wonena kuti ndipeze mwana wa mayi uja. Mlatho sunatchulidwe, mtsinje sunatchulidwe, dzina la munthu wa kutsidya mulibe. Chizindikiro cha pamapu chinali chikadaloza pakhomo pa mayi yemwe uja, ngati kuti ulendo wonse wa kumigodi sunachitike. Ndinabwerera kwa wosula zitsulo kuti andibwerezere, koma iye tsopano amangondipatsa moni n'kundifunsa ngati ndikufuna kugula lupanga. Akuluakulu anati kufunsa ndi kudziwa njira, koma apa wofunsidwayo anali atatsekedwa pakamwa ndi amene anamupanga. Ndinatha Malamlungu atatu ndikuyenda m'mbali mwa mitsinje yonse ya m'chigawo chimenecho kufunafuna mlatho wothyoka, ndipo milatho yothyoka ndinapeza inayi. Mnyamata wa mlongo wanga atatopa kundionerera anati, "Amalume, ingofufuzani pa intaneti, anzanu onse amatero." Ndinakana kawiri, kachitatu ndinagonja. Ndinagula bandulo, ndinalemba funso langa, ndipo mutu wa kanema woyamba amene anatuluka unali utaulula kale chimene chinamuchitikira mnyamata uja. Njira ndinaipeza, koma nkhani imene ndinaisunga mumtima kwa miyezi iwiri inali itathera pamenepo.

Zolakwika zina za kabuku kameneka ndi zing'onozing'ono, koma zimaunjikana. Munthu ukangolankhula ndi mlendo panjira, gemu imasiya ntchito imene umatsata n'kukusinthira kamuvi kolozera njira pasikirini kuti kaloze ntchito yatsopano osakufunsa, ndipo umadzazindikira utayenda mtunda wautali kulowera kolakwika. Kamuvi kamakufikitsa panyumba ya nsanjika zinayi koma osanena ngati munthuyo ali pamwamba kapena m'chipinda cha pansi pa nthaka. Mndandanda wanga panopa uli ndi ntchito zoposa makumi anayi, ndipo ntchito yopulumutsa mudzi ili pamzere wofanana ndi ntchito yotola bowa khumi, popanda njira yozisanja malinga ndi dera kapena ndi munthu amene anakutuma.

Ndinafuna kumvetsa chifukwa chake zinthu zimenezi zimachitika, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti mkati mwa gemu ntchito iliyonse imagawidwa m'masitepe okhala ndi manambala. Wosewera akachita chinthu chimene opanga anayembekezera, nambala imasuntha, mawu a m'kabuku amasintha, ndipo kamuvi kamalumphira patsogolo. Koma dziko la m'magemu amenewa ndi lotseguka, munthu amayenda mmene wafunira, ndipo akachita sitepe yachinayi asanachite yachitatu, kapena akalankhula ndi anthu motsatana mosiyana ndi mmene opanga anaganizira, nambala ija ikhoza kuima pamodzimodzi. Osewera gemu yotchedwa Skyrim pa kompyuta amadziwa kuti ntchito ikakakamira chotere amatha kutsegula kabokosi kolembamo malamulo n'kukankha okha nambalayo ndi lamulo lotchedwa setstage, koma wosewera pa PlayStation kapena pa Xbox alibe kabokosi kameneko. Chimene chinandiwawa kwambiri nditamvetsa zimenezi n'chakuti mawu onse a wosula zitsulo uja ali momwemo m'gemu, olembedwa kale, ndipo gemuyo ikudziwa kuti ndinawamva. Kundionetsanso mawuwo si ntchito yovuta. Kungoti palibe amene anaganiza kuti munthu akhoza kuchoka masabata asanu ndi awiri.

Vuto limeneli si lachilendo, ndipo mbiri yake ikusonyeza kuti opanga magemu akhala akudumpha kuchoka kumapeto ena kupita kumapeto ena. Mu 2002 kampani ya Bethesda inatulutsa Morrowind, gemu imene inalibe kamuvi kolozera ntchito ngakhale pang'ono. Ntchito yoyamba yeniyeni m'gemu imeneyo ndi yonyamula phukusi kuchoka padoko la Seyda Neen kukapereka kwa munthu wotchedwa Caius Cosades mumzinda wa Balmora, ndipo wosewera amangouzidwa kuti akafika akafunse pamalo ena omwera otchedwa South Wall. Kabuku kake kankalemba zochitika motsatira masiku, ngati mmene munthu amalembera zochitika za moyo wake, ndipo kankasunga zimene anthu anena pa mitu yosiyanasiyana kuti wosewera aziwerenganso. Chovuta chake chinali chakuti nkhani za ntchito zonse zinkasakanikirana, moti munthu ankavundukula masamba ambirimbiri kufuna mzere umodzi, mpaka chigawo chowonjezera chotchedwa Tribunal, chimene chinatuluka chaka chomwecho, chinabweretsa njira yosanja zolembazo malinga ndi ntchito. Mu 2006 kampani yomweyo inatulutsa Oblivion ili ndi kampasi pasikirini ndi kamuvi kolozera kumene ntchito ili, ndipo Skyrim ya 2011 inapitiriza zomwezo. Kuyambira nthawi imeneyo kamuvi kanakhala chizolowezi pafupifupi m'magemu onse aakulu.

Kenako mu February 2022 kampani ya ku Japan ya FromSoftware inatulutsa Elden Ring, imene ilibe kabuku ka ntchito n'komwe. Munthu amakuuza mawu ake, nasamuka pamalopo, ndipo zili kwa iwe kukumbukira ndi kumupezanso kwina m'dziko lalikulu kwambiri. Osewera ambiri anayamba kusunga makope ndi zolembera pambali pa TV. Gemuyo inatamandidwa kwambiri ndipo inasankhidwa kukhala gemu yopambana ya chaka chimenecho pa mwambo wa The Game Awards, komabe pasanathe mwezi chiitulutsireni opanga ake anali ataikonzanso kuti mapu azionetsa mayina a anthu amene wosewera wakumana nawo ndi pamene anawaona. Ngakhale iwo anavomereza mwa njira imeneyi kuti mutu wa munthu uli ndi malire.

Kuchokera pamenepo osewera anagawikana pawiri, ndipo mkangano wawo ndimaumva ngakhale pakati pa anyamata amene amabwera kunyumba kwathu. Ena amati kamuvi kamapusitsa munthu, chifukwa m'malo moyang'ana mapiri, mitengo ndi nkhope za anthu, maso ako amakhala pakadontho ka pakona ya sikirini ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Ena amati alibe nthawi yosochera, anagula gemu ndi ndalama zawo ndipo akufuna kuimaliza. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikukangana pa funso lolakwika. Sindikufuna kukokedwa pachingwe, ndiponso sindikufuna kusiyidwa m'tchire. Chimene ndikufuna n'chakuti gemu isunge mawu amene ndauzidwa, ndendende mmene ananenedwera, pamodzi ndi dzina la amene ananena ndi malo amene tinakumana, kenako indisiye ndipeze njira ndekha. Kulozera ndi kukumbutsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo gemu yanga ija inalephera pa kukumbutsa.

Pali chinthu china chimene okonda kamuvi sachiona. Opanga gemu akadziwa kuti kamuvi kalipo, amaleka kulemba malangizo a njira m'kamwa mwa anthu a m'gemumo. Munthu amangokuuza kuti ukatenge chikho chake chimene chinabedwa, osanena kuti akuba ali kuphanga liti, chifukwa akudziwa kuti kadontho kakufikitsa. Ndiye ngakhale utazimitsa kamuviko pofuna kusewera ndi nzeru zako, umapeza kuti palibe chogwira. N'chifukwa chake yankho lakuti amene sakufuna kamuvi angokazimitsa silikwanira. Kamuvi kakabwera kamadya chilankhulo cha m'gemu, ndipo kakadzalakwitsa tsiku lina, monga kanachitira kwa ine, wosewera amatsala wopanda kamuvi komanso wopanda mawu.

Ife Amalawi nkhani yolongosola njira timaidziwa bwino kuposa mmene opanga magemu angaganizire, chifukwa tinakulira kumene nyumba zambiri zilibe manambala ndipo misewu ilibe mayina. Munthu amakuuza kuti ukatsike pasiteji ya pachigayo, ukatenge njira yodutsa kuseri kwa tchalitchi, ukawoloka kamtsinje ukaona mtengo wa mango waukulu pafupi ndi mjigo, ndipo pamenepo ukafunse aliyense kuti kwa agogo aja oumba mbiya ndi kuti. Malangizo otere amakuchititsa kuyang'ana dziko limene ukudutsamo, ndipo ukafika umakhala utalidziwa. Amakupatsanso mpata wofunsa kachiwiri, chifukwa kwathu munthu sakana kubwereza njira kwa mlendo, ndipo tonse tinaphunzitsidwa kuti safunsa anadya phula.

Chitsanzo chimene chili pafupi kwambiri ndi mtima wanga ndi cha anthu amene amatinyamulira katundu kuchoka kuno kupita kumudzi. Aliyense amene anatumizapo thumba la zovala, sola kapena mabulangete amadziwa kope limene munthu wonyamula katundu amayenda nalo. Ndinaliona pafupi tsiku lina pamene ndinkatumiza katundu kwa mayi anga. Linali kope lachikuto cholimba, lothimbirira ndi thukuta, lomangidwa ndi labala. Pa tsamba lililonse panali dzina la wotumiza, dzina la wolandira, nambala ya foni, malo otsitsira, zimene zili m'thumba, ndalama zimene zaperekedwa ndi zotsala, ndipo m'mphepete munali timawu tonga takuti wolandirayo samva bwino pafoni, muimbire mwana wake. Masamba anawasanja motsatira msewu, katundu wa ku Mwanza poyamba, kenako wa ku Blantyre, kenako wa ku Zomba ndi ku Mangochi, kuti akadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete asadzavutike kufunafuna. Munthu ameneyu amanyamula ntchito za anthu makumi angapo ulendo umodzi, wopanda kamuvi kalikonse, ndipo katundu amafika. Kope lake limachita zimene kabuku ka gemu yodula mazana a marandi kakulephera: limasunga mawu a wotuma, limasanja ntchito malinga ndi njira, ndipo limasiya malo oti mwini wake alembemo zake.

Palinso nkhani ya chilankhulo, imene sindiiona ikutchulidwa osewera a kumayiko a azungu akamakangana. Magemu onse amene ndasewera ndi a Chingerezi, ndipo kawirikawiri ndi Chingerezi chachikale kapena cha katchulidwe ka kumidzi ya ku Britain, chimene sitinaphunzire kusukulu. Mawu olembedwa pansi pa sikirini amathamanga, TV yathu ndi yaying'ono, ndipo panja matakisi akuliza mahutala. Munthu amene Chingerezi ndi chilankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu amafuna kuwerenga chiganizo kawiri kuti atsimikize ngati anati kumpoto kwa mtsinje kapena kumtunda kwake. Gemu imene imalankhula kamodzi n'kutseka pakamwa imakhala itasankha, mwina mosadziwa, kuti osewera ake enieni ndi okhawo amene anabadwira m'chilankhulocho ndipo ali ndi nthawi yosewera tsiku lililonse. Enafe timagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, tinadutsa mu 2023 pamene magetsi ankazimitsidwa maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse, ndipo chaka chilichonse timachoka mwezi wathunthu kukaona abale. Nafenso tinalipira mtengo womwewo.

Sindikupempha zinthu zosatheka, chifukwa zidutswa za yankho zilipo kale m'magemu osiyanasiyana. The Witcher 3, imene inapangidwa ku Poland ndi kutuluka mu 2015, imakukumbutsa mwachidule pamene nkhani yaikulu yafika nthawi imene gemu ikutseguka. Assassin's Creed Odyssey ya 2018 imafunsa wosewera pachiyambi ngati akufuna kulozeredwa ndi chizindikiro kapena kupatsidwa zomuthandiza kulingalira, monga dera limene malowo ali ndi mbali imene ali, kuti awapeze yekha pamapu. Ghost of Tsushima ya 2020 inagwiritsa ntchito mphepo, moti udzu ndi masamba zimaweramira kumene ukupita ndipo maso ako sachoka padziko lenilenilo. Zimenezi zikusonyeza kuti anthu akakhala pansi n'kuganizira wosewera, njira zimapezeka. Chimene chikusowa ndi kuti zinthu zochepa zikhale lamulo m'gemu iliyonse ya nkhani yaitali: mawu onse amene wosewera wauzidwa azisungidwa pansi pa ntchito yake, munthu amene anapereka malangizo azitha kuwabwereza, gemu isasinthe ntchito imene wosewera akutsata popanda chilolezo chake, ndipo amene wabwerera patapita nthawi yaitali azilandiridwa ndi mawu ochepa omukumbutsa kumene anali ndi chimene ankafuna.

Mwina mungafunse kuti bwanji ndikulembera nyuzipepala ya Chichewa nkhani imene makampani a ku America, ku Japan ndi ku Poland sadzaiwerenga. Ndikulembera ana athu. Ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo kuli achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo kuno ku Johannesburg kuli ana a Amalawi amene akukulira pakati pa magemu amenewa. Ena mwa iwo adzapanga magemu awoawo, mwina a nkhani za pa Nyanja ya Malawi, za pa Phiri la Mulanje kapena za ulendo wa ku Joni womwewu. Ndikuwapempha kuti akadzafika popanga kabuku ka ntchito asadzangokopera kamuvi chifukwa chakuti anzawo onse ali nako, koma adzakumbukire mmene agogo awo amalongosolera njira ndi mmene kope la wonyamula katundu limasanjidwira. Ndikupemphanso inu akonzi kuti muzipereka mpata ku nkhani za magemu m'nyuzipepala yanu, chifukwa ana ambiri akuthera maola awo mmenemo ndipo makolo sitikambirana nawo za zimene akuonamo.

Ine pakadali pano ndagula kope la masamba 72 pasitolo ya pakona, ndipo limakhala pansi pa TV pamodzi ndi cholembera. Munthu wa m'gemu akayamba kulankhula ndimaimitsa kaye, n'kulemba dzina lake, mudzi wake ndi zimene wanena, ndipo mnyamata wa mlongo wanga ndi amene amandiwerengera mawu akathamanga. Mlatho uja ndinauwoloka Lamlungu lapitali, ndipo munthu wa kutsidya anandipatsa chipewa cha mnyamata wa kumigodi kuti ndikapereke kwa mayi ake. Chili m'thumba langa m'gemumo, ndipo Lamlungu likudzali ndidzatsikira kumudzi wa asodzi kukawauza mayi aja zoona zake monga ndinawalonjezera.

Ine wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg